Bupe ndi Mwendo wa Phulusa

Bupe ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kukweranso Phulusa.

Linali Lachisanu madzulo. Onse anali pakhonde. Amayi ankasenda nsawa. Agogo a Vitalis ankasenda nsawa. Jabez, mlongo wake wa Bupe, ankangodya. Bupe maso anali kukhola.

Phulusa ndi hatchi yotuwa. Kale agogo ankagwira ntchito pa famu ina ku Chalimbana. Ankalondola ng'ombe atakwera Phulusa. Ntchito itatha, mwini famu anawapatsa hatchiyo.

Bupe ankakumbukira masiku aja. Iye ankakhala kutsogolo. Agogo ankakhala kumbuyo. Ankadutsa m'minda ya chimanga. Ankadutsa pa mishoni, belu likulira. Ana ankawathamangira mpaka kumlatho.

Koma nthawi ya mvula, Phulusa anaponda m'dzenje. Mwendo wakutsogolo unatupa. Dokotala wa ziweto anabwera pa njinga yamoto.

"Apume miyezi itatu," anatero. "Mukamufulumizitsa, sadzanyamulanso munthu."

Miyezi itatu inatha. Bupe anayamba kumuyendetsa. Ankagwira chingwe. Ankayenda pang'onopang'ono. Poyamba ankafika pamtengo wa mango. Kenako pamjigo. Kenako pa mishoni. Kenako agogo anaika kathumba ka madeya pamsana pake. Phulusa ananyamula.

M'mawa uliwonse Bupe ankagwira miyendo yakutsogolo. Dzanja lina uku, dzanja lina uku. Mwendo wozizira ndi wabwino. Mwendo wotentha ukadali wodwala. Ntchito imeneyi inali ya Bupe yekha.

"Manja anga anauma na khasu," agogo ankatero. "Olo nigwire mbaula, sinimva."

Madzulo amenewo pakhonde, agogo anakhosomola pang'ono.

"Mailo ukwera, Bupe," anatero. "Ndiwe wopepuka."

"Nanga ine?" anafunsa Jabez.

"Iwe walemera na nsawa zanga," anayankha amayi.

Kutacha, Bupe anathamangira kukhola. Anagwira miyendo. Dzanja lina uku, dzanja lina uku. Wakumanzere unali wozizira. Wakumanja unali wofunda. Pang'ono chabe. Anagwiranso. Unali wofundabe.

Agogo anatulukira. Ananyamula chishalo. Anali atachipaka mafuta. Anavala chipewa chawo chakale cha ku famu. Ankaimba mluzu. Chiyambire mvula ija, Bupe anali asanawamve akuimba mluzu.

"Uli bwanji mwendo?" anafunsa agogo.

Bupe anayang'ana chishalo. Anayang'ana chipewa. Akanati wazizira, agogo sakanadziwa. Palibe amene akanadziwa. Phulusa anamununkhiza kukhutu. Mpweya wake unali wofunda.

"Agogo," anatero Bupe motsitsa mawu, "watentha."

Mluzu unaleka. Agogo anawerama. Anagwira mwendo. Sanamve kanthu.

"Watsimikiza, mwanawe?"

"Ee, agogo."

Misozi inalengeza m'maso mwake. Agogo anaika chishalo pansi.

"Dzulo thumba lija ninalidzaza maningi," anatero. "Nine ninafulumira. Tenga ndowa."

Bupe anatunga madzi ozizira pamjigo. Anathira pamwendo. Anathira m'mawa. Anathira madzulo. Jabez naye ankathandiza ndi kapu. Madzi ambiri ankathera pamapazi ake.

Mwendo utazizira, anayambiranso. Mpaka pamtengo wa mango. Mpaka pamjigo. Mpaka pa mishoni. Kathumba ka madeya kanali kakang'ono. Mlungu unatha. Mlungu wina unatha. Mwendo unali wozizira tsiku lililonse.

Lamulungu, atabwera ku Misa, agogo anamanga chishalo. Anamunyamula Bupe. Anamukhazika pamwamba.

"Mpaka pa mango chabe," anatero. "Osathamanga."

Agogo anagwira chingwe. Phulusa anaponya mwendo. Anaponya wina. Sanatsimphine. Gu, gu, gu, ziboda zinalira panjira. Amayi anaima pakhomo, dzanja pakamwa. Jabez ankayenda pambali, akuwerenga mapazi. Anafika pa khumi. Anayambiranso.

Bupe anayang'ana pansi. Anaona pamwamba pa chipewa cha agogo.

"Agogo, chipewa chanu chili na chiboo."

"Niziwa," anatero agogo. "Ni Phulusa anachiluma. Anali kamwana. Naiwe unali usanabadwe. Ine tsitsi linali lakuda bii."

"Simunamukalipire?"

"Ninamukalipira. Mailo lake analumanso."

Bupe anaseka. Agogo anaseka. Anazungulira mtengo wa mango. Anabwerera kunyumba pang'onopang'ono.

Lolemba m'mawa, Bupe anavala yunifomu. Anapita kukhola. Anagwira miyendo. Yonse iwiri inali yozizira. Anakumbatira khosi la Phulusa.

"Agogo, mwendo uli bwino!" anakuwa.

Agogo anagwedeza mutu ali pakhonde. Tiyi anali m'manja.

Amayi anamuona Bupe. Anagwira m'chiuno.

"Ona juzi yako. Ubweya okhaokha. Bwera kuno."

Amayi anamusansa kutsogolo. Anamusansa kumbuyo. Jabez ankadikira panjira.

"Tichedwa, iwe," anatero.

Bupe anathamanga. Ali m'njira, anaona tsitsi limodzi pamkono wa juzi. Linali lalitali. Linali lotuwa. Amayi sanalione. Bupe analichotsa bwinobwino. Analiika pakati pa buku lake la Chinyanja. Anatseka bukulo. Kenako anamupeza Jabez pamlatho.