Mapazi a Malemu Kalinde

Kapinga wa pabwalo latsopano la khonsolo ankawala munthu akamuponda. Pansi pake mainjiniya anayalapo timawaya topiringizana ngati mizu ya nsungwi, totchedwa timitsempha. Timitsemphati tinkasandutsa kuponda kulikonse kukhala magetsi opopera madzi m'thanki ya m'deralo, komanso tinkasunga kayendedwe ka munthu aliyense. Wofuna kuphunzira njomba za katswiri wa mpira ankangotchula dzina pachipilala cha pageti, mapazi a katswiriyo n'kuyamba kuwala pakapinga, iye n'kumawalondola. Anthu analitcha bwalo lakumva.

Chinali chaka cha 2068. Ngolo zodziyendetsa zinali zitapha anthu miyendo, moti ngakhale kokagula mchere ankakwera. Khonsolo itaona chipatala chitadzaza ndi odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi, inalengeza kuti wofuna madzi pampopi ayambe watulutsa thukuta pabwalo. Anthu anadandaula sabata imodzi, kenaka anazolowera mpaka kuyambitsa matimu.

Tionenji Kalinde, mkulu wa zamasewero kukhonsoloko, anakopa dera lonse kupatula mayi ake omubereka. Chimwalirireni amuna awo, mai Nazimbiri sankatuluka m'nyumba yawo ya kutsidya kwa bwalolo. Miyendo inatupa, ndipo dokotala ananena mosapsatira kuti akapanda kumayenda sadzaona dzinja lina.

"Ine ndizikadumpha ngati chitete, apongozi akundiona?" ankatero mayiwo. "Zimenezo zinali za abambo ako."

Tionenji zinkamuwawa kwambiri. Tsiku lina anagwada pafupi nawo.

"Amayi, lamulo likuti munthu akatha chaka atamwalira, timufufute m'makina. Lolemba tikufufuta ababa. Simukawaonako komaliza mapazi awo?"

M'mawa mwake anapita, mayiwo atatsamira paphewa la mwana wawo. Tionenji anatchula pachipilala: "Elisoni Kalinde."

Mapazi awiri anawala pakapinga. Lamanzere linali lopenyera kunja, monga linkathera nsapato yake.

"Ndi iwowo," ananong'ona mai Nazimbiri.

Mapaziwo anayamba kuyenda. Mayiwo anayamba adikira kuti atalikire pang'ono, ndiye n'kumatsatira. Zaka makumi atatu ndi zinayi za ukwati, kaya popita kutchalitchi kaya kumaliro, ankayenda pambuyo pa amuna awo monga anawalangizira anankungwi. Sakanayamba mwano lero.

Atafika pangodya ya kumtengo wa mbawa, mapaziwo anaima, n'kutembenukira kum'mawa.

"Makina ako afa?" anafunsa mayiwo akupumira m'mwamba.

"Ayi, amayi. Ababa ankaima pamenepa tsiku lililonse. Ife tinkangoti amapuma."

Mai Nazimbiri anafika pomwe panali mapaziwo, naima mmene anaimira, nadzutsa mutu. Maso awo anagwera pakhonde la nyumba yawo, pomwe ankasesa m'mawa uliwonse, atawerama, akung'ung'udza nyimbo za kwaya.

"Kani ankandiyang'ana," anatero. "Munthu wosanena uja."

Analira osabisa. Mapaziwo atayambanso ulendo, sanawadikire kuti atsogole. Anayenda pambali pawo, phazi ndi phazi, mpaka kuzungulira bwalo lonse.

"Mawa ndibweranso," anauza Tionenji pageti. "Ukawafufuta, ukasake amayi ako ena."

Tionenji anakachonderera makhansala, ndipo lamulo lija linachotsedwa. Mbiri inawanda. Pasanathe miyezi itatu, m'mawa uliwonse bwalo linkadzaza ndi amasiye, aliyense akuyenda pambali pa mapazi owala opanda mwini. Ena ankacheza nawo, ena ankawakalipira zakale. Thanki inasefukira mpaka madzi anafika kumidzi yoyandikana nayo, ndipo dzinja linawapeza mai Nazimbiri akuzungulira kasanu, miyendo itaphwa.

Khonsolo inamanga bwalolo kuti amoyo achedwe kupita kumanda, osadziwa kuti a kumandawo ndi amene adzawagwire dzanja n'kumawayendetsa.