Chotupa cha Dasom

M'mawa wa Chaka Chatsopano, Dasom anadzitsekera kuchipinda n'kumanga mimba yake ndi nsalu mwamphamvu. Pansi pa chipsera cha opaleshoni panali patatuluka chotupa chonga dzira la nkhuku. Chinkapweteka akatsokomola, koma sanauze munthu.

Atangomaliza sekondale mumzinda wa Mokpo, mtsikanayu anapereka gawo la chiwindi chake kwa bambo ake, a Gu, omwe anali atatsala madzi amodzi. Bambowo anachira ndithu. Adokotala anauza Dasom kuti azipita kukapimidwa, koma chotupacho chitayamba iye anasiya. Ankaopa kuti bambo akamva adzadziimba mlandu mpaka kudwalanso.

"Achemwali, mukutchenera ndani?" anakuwa mlongo wake wamng'ono, Taeho. "Tiyeni tigwadire makolo, ine njala yandipha!"

Makolo anali atakhala pansi pabalaza, kudikira ulemu wa ana awo monga mwa mwambo wa tsikuli. Taeho anagwada mwachangu n'kudzuka. Dasom naye anagwada, nawerama mpaka pansi.

"Mulandire madalitso ochuluka chaka chino," anatero.

Poti adzuke, ululu unamubaya m'mimba ngati mpeni. Anangokhala chiweramire.

"Ulemu wakewo wanyanyatu, achemwali," anaseka Taeho. Koma ataona thukuta likudontha, kuseka kunatheratu.

Mayi anamugoneka chagada n'kumasula nsalu ija. "Mayo ine! Chayamba liti chimenechi?"

"Kalekale, amayi."

Bambo Gu anayang'ana chotupacho. "Iwe mwana, unandipatsa chiwindi kuti ndikhale ndi moyo wodzakuika iweyo m'manda?"

"Ndimaopa kuti mudandaula, bambo."

"Kudandaula za iwe ndi ntchito yanga. Usandilande."

Kuchipatala anapeza kuti matumbo anali atapanikizika pomwe bala lakale linatseguka mkati. Mbali ina inali itawonongeka kale, ndipo anachita kuidula. Adokotala sanamubisire: akanabwera msanga, kukanakhala kungosoka basi. Dasom analira kwambiri.

Anzake atayamba maphunziro ku yunivesite, komwe iye ankalakalaka kupita chaka chonse, Dasom anali akuphunziranso kuyenda m'khonde la chipatala atagwira mkono wa bambo ake. Atafika pakati anaima, mpweya utamuthera.

"Pakupweteka?" anafunsa bambowo.

Dasom anatsala pang'ono kumwetulira n'kukana monga mwa chizolowezi chake. Kenaka anawatsamira paphewa.

"Ee, bambo. Pakupweteka kwambiri."