Dorah Ajambula Njira ya ku Ntcheu

Dorah anabadwira ku Makokoba, mu mzinda wa Bulawayo. Ankadziwa misewu yonse. Ankadziwa kulira kwa sitima. Koma kwawo kwa bambo ake anali asanafikeko.

Bambo ake anali a Enock. Ankagwira ntchito ku njanji. Kwawo kunali ku Ntcheu, ku Nyasalande. Lamulungu masana ankakhala pakhomo. Ankatola kamtengo. Ankajambula kwawo pamchenga, akufotokoza zonse. Dorah ankamvetsera, maso pansi.

Chaka cha 1938 kunazizira kwambiri. A Enock anagula bulangeti lofiira. Linali la mlongo wawo, a Winifred, a ku Ntcheu. Mnzawo wa a Enock, a Jasper, anali pafupi kupita kwawo ku Dedza. Analonjeza kulinyamula.

Kenaka njanji inaonongeka kutali, cha ku Wankie. A Enock anatumidwa komweko.

M'mawa mwake a Jasper anafika ndi sutukesi.

"Odi! Sitima yanga inyamuka lero. Bulangeti lija lili kuti?"

Mayi a Dorah analitulutsa.

"Chabwino," anatero a Jasper. "Nanga njira? Ntcheu ndimangodutsapo pa lole. Ndikalisiye kuti?"

Mayi a Dorah anali Mndebele. Ku Nyasalande anali asanapondeko.

"Angazi, baba," anatero. "Sindidziwa."

A Jasper anakanda mutu. Anaika bulangeti pampando.

"Popanda njira, litsala. Ndilibe nthawi yosochera."

Dorah anayang'ana bulangeti. Anaganiza za azakhali ake. Ku Ntcheu ndi kumapiri. Kumazizira.

"Amalume, njira ndikuidziwa ine," anatero.

A Jasper anaseka.

"Iwe, mwana wa m'tauni? Unayamba waona khasu?"

Dorah anatola kamtengo. Anagwada pamchenga.

"Ili ndi phiri. Tauni ili patsinde pake. Ndi yaing'ono. Uwu ndi msewu waukulu. Umachokera ku Blantyre. Umapita kwanu ku Dedza."

"Pamenepo walondola," anatero a Jasper.

"Apa ndi pa boma. Apa ndi sitolo za amwenye. Mukatsike apa. Uwu ndi mtsinje. Mukauwoloke. Kenaka minda. Minda ya chimanga. Minda ya nyemba. Mukayende mpaka pa mkuyu waukulu."

A Jasper anakhala pa sutukesi yawo.

"Kumeneko kuli anthu ambiri?"

"Si ambiri. Onse amadziwana. Kuli Angoni. Kuli Achewa. Angoni anachokera kum'mwera kalekale, ngati akwawo kwa amayi. Anayenda pansi ndi ng'ombe zawo. Anaona mapiri. Anakhala."

"Yebo? Zoona?" anatero mayi ake, akumwetulira.

"Inde, amayi. Koma amuna ambiri achoka. Ena ali ku Joni. Ena ali kuno. Amene akulima ndi akazi."

A Jasper anaimirira. Ananyamula bulangeti.

"Basi. Ndikafunsa a Winifred."

"Ayi, amalume. Dzina limenelo ndi la kutchalitchi. Kumudzi salitchula. Mukafunse Anangozo a pamkuyu. Ngakhale mwana akakulozerani."

A Jasper anayang'ana pamchenga kachiwiri. Anayang'anitsitsa. Kenaka anathamangira sitima.

A Enock anabwerako ku Wankie. Anamva zonse.

"Tidikire," anatero.

Anadikira. Kuzizira kunatha. Kunatentha. Mvula inagwa. Dorah ankamva sitima ikulira. Ankathamangira pakhomo. Panalibe munthu.

Tsiku lina kunamveka mawu.

"Odi kuno!"

Anali a Jasper. Ananyamula kathumba kakang'ono. Anakapereka kwa a Enock.

"Nyemba izi ndi za m'munda mwa mlongo wanu. Akuti akufunda bwino. Akuti zikomo."

"Simunasochere?" anafunsa a Enock.

"Ngakhale pang'ono. Phiri lilipo. Mtsinje ulipo. Mkuyu ulipo. Mwanayu sanaphonye."

Dorah anabisa nkhope m'manja. Mayi ake anamusisita mutu.

A Enock anamasula kathumba. Ananunkhiza nyemba. Kenaka anamuika Dorah pamwendo.

"Ine ndakhalitsa kuno," anatero. "Tikamadzapita kwathu, iwe udzakhale patsogolo."