Msoko Umene Eloy Anapala

Pamene Eloy Gallegos ankakhoma loko pa galaja yake, nyumba zonse za mumsewumo zinali zitazimitsa kale magetsi. M'manja munali mukununkha penti, msana ukuwawa, koma mtima uli mbee. Ntchito yokonza pikapu yake yofiira inali itatha.

Kuno ku Española galimoto yosakwawa pansi sitiiwerengera. Timadula chasisi, msana wachitsulo wa galimoto, pamwamba pa matayala akumbuyo n'kuwotchererapo chitsulo chokhota, kuti thupi la galimoto litsike mpaka kununkhiza phula. Pa ntchito imeneyi Eloy anali katakwe, zimenezo ngakhale adani ake sankatsutsa. Pikapuyi anaitola ili dzimbiri lokhalokha, nkhuku zikuikira mazira pampando, ndipo anaikonza zaka zambiri pamodzi ndi Marisela, mwana wake yekhayo. M'mawa mwake kunali chionetsero cha magalimoto mumzinda wa Albuquerque, ndipo woyendetsa anali Marisela yemweyo. Mtsikanayo anagona kwa azakhali ake kuseri kwa galaja, kiyi ali m'thumba. Iye ndi Eloy anapangana kuti tambala akalira aitulutse pikapuyo, awoloke mlatho, akawatenge bambo ake pamphambano, popeza msewu wa kwawo ndi wa miyala ndipo galimoto yotsika chotere singaupirire.

Koma Eloy anali ndi matenda ake. Pa zionetsero oweruza amaika magalasi pansi pa galimoto kuti aone ndi kumimba komwe. Eloy ali mnyamata, woweruza wina anayang'ana msoko umene iye anawotcherera n'kunena pagulu kuti ukuoneka ngati zitosi za nkhuku. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Chipongwe chimenecho Eloy sanachimeze mpaka lero. Kuyambira tsiku limenelo msoko uliwonse ankaupala ndi makina mpaka usalale ngati sanawotchererepo. Usiku umenewu anapala msoko wa pa chasisi ya pikapuyo, anapalanso, kenako anaona kamng'alu kochepa ngati tsitsi. Anakamata ndi phala lomatira galimoto n'kupakapo penti.

Mnzake Cipriano anaona zonsezi asanapite kukagona.

"Amwene, msoko umenewu ndi wongojambulitsa. Nyama yonse mwachotsa, chatsala n'chikopa."

"Iwe Cipriano, chikho cha mpikisano unachigwirapo chibadwire? Pita ukagone, mkazi wako akukudikira ndi chikwapu."

"Chabwino. Mwana ndi wanu, si wanga."

Mawu amenewa Eloy anangowataya kunkhongo, monga achitira anthu odzimva. Anakweza kolala ya jekete n'kuuyatsa wapansi wopita kwawo, kutsidya kwa mtsinje.

Kunja kunkazizira koopsa. Fungo la tsabola amene anthu anawotcha masana linali lisanathe mumpweya. Anadutsa nyumba zomaliza, agalu anauwa n'kutopa, kenako kunangoti zii. Msewu wotsikira kumtsinje uli ndi mitanda ingapo m'mbali. Munthu akafera pamsewu timazika mtanda pamalopo, ndipo palibe amene amaukhudza. Eloy anali ataidutsa mitandayo kambirimbiri osaiyang'ana n'komwe.

Khweee...

Anaima. Phokoso limenelo ankalidziwa kuposa mawu a mkazi wake: chitsulo cha galimoto yotsika chikukhula phula. Anapatuka kuti idutse. Kumbuyo kunalibe nyali, kunalibe injini. Mdima wokhawokha.

Anapitiriza. Khweee... Tsopano pafupi.

"Mwaswera bwanji, amisiri?"

Eloy anadzidzimuka. Pambali pake pankayenda mnyamata wovala chipewa ndi malaya oyera osita bwino, omanga mabatani mpaka pakhosi. Jekete analibe, m'chisanu chonsecho. Kayendedwe kake kanali kachilendo: miyendo inkatsogola, chifuwa n'kumatsatira pambuyo.

"Ndimakudziwa, mphwanga?"

"Ayi. Koma ine ntchito yanu ndimaidziwa. Kusalala kwake! Dzanja limangotsetsereka."

Munthu wonyada ndi wosavuta kumugwira. Mantha aja anamuthera pang'ono Eloy, mpaka anamwetulira mumdimamo.

"Dzina ndine Benigno Lovato," anatero mnyamatayo. "Ndinali nayo pikapu imodzi ya manja anu. Yobiriwira, denga loyera."

Eloy anaikumbukira. Anaimanga kalekale, inamupatsa chikho chake choyamba, kenako anaigulitsa kwa wamalonda wina wa m'tauni. Kumene inapita sanafunse.

"Ikuyendabe?"

"Inandifikitsa pano."

Anapitiriza ulendo. Mlatho sunali kutali, Eloy ankadziwa zimenezo, koma sunkafika. Kudzanja lamanja anadutsa mtanda woyera wokhala ndi kandulo yoyaka m'botolo. Anayenda, anayenda, miyendo mpaka kulemera. Kudzanja lamanja... mtanda woyera, kandulo m'botolo. Womwewo. Anafulumiza. Mnyamatayo sanafulumize, koma sanatsale. Mtanda uja unabweranso.

"Mwana wanu amathamangitsa galimoto?"

Eloy anamutembenukira mnyamatayo.

"Wamudziwira kuti mwana wanga?"

"Ndangofunsa. Pa mlathopo pali bampu, pamene phula limakumana ndi konkire. Ndi maso simuiona. Mumangoimva mumsana."

Apa m'pamene Eloy anaona. Iye akapuma, nthunzi inkatuluka m'kamwa. M'kamwa mwa mnyamatayo simunkatuluka kanthu.

Anafuna kuthawa. Anachedwa. Dzanja lozizira ngati chitsulo cha m'mawa linamugwira pamkono n'kumukoka pang'onopang'ono.

"Inu ndinu amisiri. Tagwirani apa, mundiuze ngati zili bwino."

Mnyamatayo anatembenuka n'kuika chikhatho cha Eloy pamsana pake. Malaya anali osalala. Zala zinatsika, fupa ndi fupa, fupa ndi fupa... kenako zinalowa. Pakati pa msana panalibe kanthu!

Eloy anakuwa. Anasolola dzanja n'kuliyatsa liwiro. Anagwa, anadzuka, anathamanganso. Pansi pa nsapato panamveka konkire, madzi akulira kunsi, kenako phula. Kumbuyo, khweee... khweee... Sanacheuke. Kutsidyako anaona kanyumba ka dothi kali ndi nyali pawindo. Anagunda chitseko ndi zibakera zonse ziwiri.

Anatsegula mayi wokalamba, wamfupi, atafunda shawelo yakuda. M'nyumbamo munkanunkhira khofi. Anali atadzuka kale, ndipo kummawa kunali kutayamba kuyera. Usiku wonse unali utathera pa kamtunda kaja.

"Amayi, ndithandizeni. Pamsewupo pali munthu... akuti ndi Benigno Lovato... msana wake..."

Mayiwo sanadzidzimuke. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Benigno ndi mwana wanga," anatero. "Anafera pa mlathopo. Papita zaka. Kandulo mwaiona ija ndimayatsa ndine."

Mayiwo anapitiriza.

"Anagwira ntchito m'minda ya anthu kuyambira ali wamng'ono kuti agule pikapu imeneyo. Sanathe nayo ndi mwezi womwe. Inathyoka pakati, kumbuyo kwa mpando, ngati bango. Apolisi anati analedzera. Mwana wanga mowa sankaudziwa, bambo. Anthu kutchalitchi ankandiyang'ana ngati mayi wa chidakwa. Mlongo wanga ndiye anakwawa pansi pa zitsulozo n'kuona chimene chinamupha: msoko wopalidwa mpaka kupyapyala ngati pepala, pamwamba atamatapo phala kuti ukongole."

Anayankhula mosakweza mawu, ngati akuwerenga zogula kumsika.

"Wansembe anandiuza kuti ndikhululuke. Ndinamuuza kuti akhululuke yekha. Ine usiku uliwonse ndimapempha chinthu chimodzi: mwini manja amenewo adzaime pamene ndinaima ine."

Maso awo anatsikira pa manja a Eloy. Zipsera za moto wowotcherera, penti yofiira m'zikhadabo. Anawayang'ana nthawi yaitali.

"Ndinu, eti?"

Eloy anavomera ndi mutu. Misozi inali ikutsika kale, ndipo manyazi analibenso nawo ntchito. Kuseri kwa mayiwo, pakhoma, anaona foni.

"Amayi, chonde. Mwana wanga wamkazi akubwera ndi ina, ndaipala chimodzimodzi, ili ndi mng'alu. Ndiimbire azakhali ake amuletse. Iye sanalakwe kanthu. Nditukwaneni, ndimenyeni, kandinenereni kupolisi, koma ndiimbe kaye."

Anagwada pakhomopo, bambo wamkulu ndithu, mawondo pa dothi lozizira.

"Wanga analakwa chiyani?" anafunsa mayiwo.

"Amayi..."

"Ine palibe amene anandiimbira."

Anatseka chitseko. Eloy anamva mpiringidzo ukulowa, kenako nyali ya pawindo inazima.

Kwinakwake tambala analira.

Eloy anadzuka n'kuthamangira kumlatho. Chifuwa chinkamuotcha. Nsapato imodzi inavuka, sanaitole. Atafika pa konkire anamva, ndipo ulendo uno injini inalipo, injini yake yomwe, imene anaimanga ndi manja ake. Kutsidya kunatulukira nyali ziwiri zotsika pafupi ndi nthaka. Kumbuyo kwake moto unkathetheka pa phula. Pikapu yofiira inkabwera, yokongola kuposa galimoto iliyonse imene chigwa chino chinaonapo.

Anaima pakati pa mlatho n'kukweza manja onse awiri.

"Marisela! Ima! Ima, mwanawe!"

Mawu ake anamezedwa ndi injini. Nyali zinakula. Anatha kuona nkhope ya mwana wake pa chiwongolero, tsitsi atalimanga bwino, akuseka. Pampando wa pambali pake, pamene panayenera kukhala iye, panali patakhala kale munthu wa malaya oyera.

Marisela anaona bambo ake akukupiza manja m'mwamba, nayesa kuti akumuchemerera. Analiza hutala kawiri, n'kuponda moto.