Mphete ya M'foni ya Faness

Maclean anafika pakashopu kotchajitsa mafoni pa Bangula dzuwa lili paliwombo, njinga yake yamoto ya kabaza ili fumbi lokhalokha. M'kashopumo mumagwira ntchito mdzukulu wanga Faness, ndipo ine ndinali pakhonde ndi dengu la masau, poti sindilola kuti mwanayu atalikire maso anga. Ndinaona ndekha: mnyamatayo anayamba kuyang'ana foni ya Faness imene inali pathebulo, mwini wake n'kudzamuyang'ana pambuyo. Atsikana inu, muziona chimene mwamuna wayamba kuyang'ana!

Zinapezeka kuti onse awiri amasewera masewera amodzi a pa intaneti, aja anthu a kutali amakumanamo n'kumamenyana ndi zilombo. Faness anandifotokozera kangapo mpaka ndinamva. Aliyense ali ndi kamunthu kake m'menemo, ndipo kamunthuko kali ndi mphamvu ngati madzi mumtsuko. Ukaponya moto madzi atsika, ukachiza mnzako atsikanso. Mtsuko ukauma umangoima njoo, zilombo n'kukudya.

Kamunthu ka Faness kanali kochiza anzake, ndipo kanapata mphete ziwiri zosowa kwambiri. Ukamanga banja ndi munthu m'masewerawo n'kumuveka imodzi, luso lake lililonse limangodya theka la madzi. Maclean anali womenya nkhondo, mtsuko wake sunkachedwa kuuma. Kodi pamenepa pakufunika sukulu kuti munthu aone?

Mauthenga a Maclean anayamba kugwa ngati matalala. Faness ankandiwerengera akumwetulira.

"Faness, mthunzi wanga wa mu Okutobala, kunja kuno kulibe wina."

"Madzi anga ozizira, wadya kale? Lowa m'masewera ndikuone."

Sipanapite nthawi, anamanga ukwati wa m'foni. Faness anandionetsa: kamunthu kake katavala zoyera, dzina la Maclean litalembedwa pambali pa lake, mphete ikunyezimira pachala cha mnyamatayo. Ine mtima unandipsa. Kuyambira liti mtsikana n'kumapereka chikole kwa mwamuna? Ndinamufunsa kuti iye wamupatsa chiyani chogwirika ndi manja, kaya mpango, kaya ndolo. Anati zimenezo n'zachikale, ndipo anandiwerengera lonjezo la Maclean.

"Chimanga cha kudimba chikangocha, akwathu abwera kudzaonekera kwa atsibweni ako. Ndikanama njinga iyi indigwetse."

Ndinamuchenjeza kuti asatumize mawu kwa akuluakulu asanaone nkhope ya m'bale mmodzi wa mnyamatayo. Nkhabe, sanamve. Chimanga chitacha anatumiza mawu kwa atsibweni ake, a Geresomo a ku Makhanga, ndipo Maclean anavomera Loweruka. Mudzi wonse unamva kuti Faness akufunsiridwa mbeta.

Sabata yomweyo eni masewera anasintha malamulo. Anthu ankadandaula kuti ena akuunjika zochepetsera: mphete ichotse theka, chipewa chichotseko, lupanga lichotsekonso, mapeto ake munthu akuponya moto osatsitsa madzi n'dontho lomwe, anzake akuvutika. Ndiye eni akewo anati zochepetsera zisamaphatikizanenso, chizigwira ntchito chachikulu chimodzi chokha. Tsono Maclean anali atapata lupanga lochepetsa kuposa mphete. Analipata bwanji? Faness yemweyo ndiye ankamuchiza kumbuyo pankhondo zonse, mpaka maso kufiira.

Faness anati lamulolo ndi lachilungamo, anzawo osauka m'masewerawo apumako. Za mphete sanade nazo nkhawa. Mauthenga atachepa anati mwina ndi netiweki.

Loweruka a Geresomo anawoloka pabwato m'mawa, atavala jekete m'kutentha konse kuja, bakha ali kukhwapa. Tinawayalira mkeka pansi pa mtengo wa nimu. Amayi oyandikana nafe ankangodutsadutsa, uyu wabwereka mchere, uyu akufuna nkhuku yake imene sinasowe. Mthunzi unasuntha, ifenso tinasuntha mkeka. Njinga iliyonse ikalira kumsewu Faness ankadzuka. Palibe anakhota.

Kenako Faness analowa m'nyumba n'kutsegula masewera aja. Ndinamutsatira. Kamunthu kake kanali kataima kokha, dzina la Maclean litachoka pambali pake, mphete imene anaveka mnyamatayo itabwezedwa m'thumba mwake. Sanalire. Anamanga chitenje n'kuuyamba wa kusiteji ya kabaza, ine pambuyo ndi miyendo yangayi.

Tinamupeza Maclean atakhala panjinga pamthunzi, mutu uli m'foni, anzake a kabaza atamuzungulira. Faness anamufunsa ngati waiwala kuti lero ndi tsiku lanji. Iye anayankha osadzutsa mutu kuti adikire pang'ono, ali pakati pa nkhondo.

Faness anamulanda foni.

"Iwenso usakhale ngati sudziwa masewera," anatero Maclean. "Mphete ija yatha ntchito. Malo a mphete ndi amodzi, ndavalapo ina yowonjezera liwiro."

"Atsibweni anga awoloka madzi chifukwa cha liwiro lako?"

Maclean anayamba kuzungulira. Akuti mawu okoma aja aliyense amalankhula choncho kwa womuchiza. Akuti wolakwa si iye, ndi eni masewera amene aononga zinthu. Mnzake wina anaseka n'kunena kuti alamu asakwiye, malamulo akasintha banja limasinthanso.

"Ndifunse chimodzi chokha," anatero Faness. "Akwanu unawauza za ine?"

Maclean anayang'ana tayala la njinga. Anayang'ana anzake. Pakamwa pamene pankatuluka mithunzi ndi madzi ozizira panalibe ngakhale malovu.

Faness anaika foniyo pampando wa njinga pang'onopang'ono, ngati akuika dzira, n'kutembenuka. Ine ndiye ndinalephera kupirira. Ndinamuuza mnyamatayo kuti analumbirira njinga, aziyenda nayo mochenjera.

Kunyumba ndinafuna kuwanamiza a Geresomo kuti kwa mnyamata kwagwa zovuta, koma Faness anandiletsa. Anagwada yekha pamkeka, amayi aja akusuzumira kumpanda, n'kunena zonse: za mphete, za lupanga, za lamulo latsopano. A Geresomo sanamve n'theka lomwe la zimenezo. Anangovula jekete, n'kulipinda, n'kunena kuti athamangire bwato mphepo isanayambe.

"Mwana wa mlongo wanga, ulendo wina undiitanire munthu amene ali ndi kwawo."

Bakha anamusiya. Mawu amenewo ndi amene anamuliza Faness, osati a kusiteji aja.

Kumjigo anayamba kumutchula kuti mkazi wa m'foni. Ankapita kukatunga madzi mutu uli chilili, koma akabwera ankakhala kuseri kwa nyumba nthawi yaitali. Ndinamuuza kuti foniyo aiponye mu Shire, ng'ona zikasewere. Anakana. Anati amene anamunamiza ndi munthu, osati foni, ndipo masewera sasiya chifukwa cha wakuba mmodzi. Ine mpaka lero ndikamuona ataweramira kachinthu kaja, sindikondwa nazo.

Mvula itayamba, eni masewera anasinthanso. Ochiza anali atadandaula kuti palibenso amene akuwafuna, ndiye anabwezera mphete mphamvu pang'ono, kuti iziwonjezera pa lupanga. Faness anandiuza zimenezi m'mawa akusesa pakashopu. Ndinamuuza kuti asunge foni pafupi. Dzuwa lisanafike pamutu, inalira.

"Mthunzi wanga, masiku onsewa sindikudya. Ndinalakwa. Tibwererane, ulendo uno akwathu abweradi."

Anawerenga mokweza, kawiri. Mantha anandigwira, poti mtima wa mtsikana suchedwa kufewa. Analemba kanthawi, n'kufufuta, n'kulembanso. Atatumiza anandiwerengera.

"Takhuta, zikomo pondikumbukira tsiku lomwe mphete yadzuka. Mphete zonse ziwiri ndinapita nazo kwa wosula wa m'masewera, anazisungunula n'kundisulira mpeni. Ukafuna bwera udzauone."

Masiku ano Maclean akamadutsa pakashopu amakoka moto, maso ali kutsogolo, ndipo foni yake amakatchajitsa kutsidya kwa msewu. Liwiro lija analipezadi.