Kadontho Kopanda Dzina

Asiatu, telala wa mumsika wa Mangochi, adakumana ndi Sadik pa siteji ya makabaza. Mnyamatayo ankagwira ntchito pa kakampani koika WiFi yaulere m'tauni.

"Chemwali, yambani ndinu kukwera, ine ndidikira," adatero akumwetulira.

Mawa lake adakumananso pamlatho. Mkuja, pogula usipa.

"Waona, mtima wanga? Ndi Allah akutikumanitsa," adatero Sadik. Mtsikana adasungunuka!

Mauthenga adayamba kugwa pafoni. "Switi wanga, wadya?" "Sindidzakubisira kanthu mpaka imfa."

Tsiku lina Asiatu adafunsa: "Kodi WiFi yanuyi simutionera zinsinsi?"

"Aaa, ayi! Mayina timafufuta. Pakompyuta timangoona timadontho tikuyendayenda. Palibe angadziwe kuti uyu ndi ndani."

Bodza lake, abale!

Asiatu anali ndi chinsinsi chomuwawa. Lachinayi lililonse ankakapereka chakudya kwa bambo ake kundende. Ankafuna adzamuuze Sadik ndi pakamwa pake, akadzalimba mtima.

Tsiku lomuveka mphete, Sadik adamugwira dzanja. "Usaope, wokondedwa. Za Lachinayi ndikuzidziwa kale, ndipo sindikusiya."

Asiatu adabweza dzanja lake. "Wakuuza ndani?"

"Palibe," adayankha monyadira. "Pali kadontho kamodzi kokha kochoka ku Mpondasi m'mawa, kuswera pamzere wa matelala, Lachinayi n'kukaima pagolosale ya pafupi ndi ndende. Dzina n'lachiyaninso pamenepo? Ndidakuona kamodzi mumsika, ndidakakusaka pakompyuta."

"Tisanakumane pa siteji paja?"

Sadik adavomera ndi mutu.

"Pamlatho paja? Pogula usipa paja? Ndiye unkanamizira Allah, chonsecho unkachita kundidikirira?"

"Ndimakukondatu, Asiatu..."

"Chikondi chanji chozonda munthu ngati mbava? Nkhani ya bambo anga inali yanga! Ndimafuna ndikupatse ndekha, iwe wachita kuiba! Nanga anzako akuntchito aona angati?"

Sadik adayang'ana pansi.

Misozi ili chuchuchu, Asiatu adavula mphete n'kumuikira m'thumba la shati. Kenaka adatulutsa foni, nazimitsa WiFi iye akuona.

"Pita ukayang'ane pakompyuta yakoyo," adatero. "Kadontho kako kazima."