Lamulo la Aliya

Aliya amakhala ku Bangwe. Ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ali ndi galimoto ya mawaya. Anaipanga yekha.

Galimotoyo ndi yaing'ono. Matayala ake ndi zitsekerero za mabotolo. Anzake saitchula galimoto. Amati kagalimoto.

Aliya ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti asachotsedwe mu mpikisano.

Mpikisanowo umachitika Loweruka lililonse. Ana amayambira pampopi. Amatsika kanjira ka pakati pa nyumba. Amakathera pa mtengo wa mango. Aliyense amakankha galimoto yake uku akuthamanga.

Kanjirako ndi kopapatiza. Kali ndi miyala. Kali ndi maenje. Kagalimoto ka Aliya kakaona mwala, kamaima. Kakaona dzenje, kamagona.

Mnzake wina dzina lake ndi Jonas. Jonas ali ndi chigalimoto. Matayala ake ndi zitini za polishi. Chigalimotocho sichiopa mwala. Sichiopa dzenje. Jonas amapambana mlungu uliwonse. Akapambana amayenda ngati mwini minibasi.

Mpikisanowu uli ndi malamulo. Analembedwa ndi makala pa khoma la pampopi. Lamulo lililonse lili ndi mwini wake.

Lamulo loyamba limati, osanyamula galimoto m'manja. Limeneli ndi la Kondie. Tsiku lina Kondie anaona kuti galimoto ikumuchedwetsa. Anaiika m'khwapa n'kuliyatsa liwiro.

Lamulo lachiwiri limati, osamangirira galimoto kwa galu. Limeneli ndi la Jonas. Galuyo anapambana ndithu. Koma pa mtengo wa mango sanaime. Galimoto inakapezeka kumsika, pafupi ndi ootcha nyama.

Lamulo lachitatu limati, wotsalira katatu atuluke. Limeneli ndi la Alinane. Alinane ankaima panjira n'kumakukuta chimanga. Anzake ankatopa kumudikira. Pano Alinane sathamanganso. Amangoimba wenzulo.

Aliya anali atatsalira kawiri. Loweruka linali pafupi. Akatsaliranso, basi watuluka. Wenzulo ndi imodzi, ndipo ili kale ndi Alinane. Aliya azidzangokhala pa mwala, n'kumaonerera.

Lachisanu ataweruka kusukulu, Aliya anapita kwa bambo ake. Bambo ake ndi a Hussain. Amawotcherera zitsulo m'mbali mwa msewu. Amapanga mbaula. Amapanga mageti. Amapanganso mawilibala.

A Hussain amadziwa zambiri za mpikisano wa magalimoto. Amaonera pa kanema wa kometera tsitsi. Eniakewo alibe ngakhale njinga. Koma akayamba kufotokoza, ungati anayendetsapo.

Aliya anawauza zonse. Anawauza za miyala. Anawauza za chigalimoto cha Jonas. Anawauza za lamulo lachitatu.

A Hussain anavula magalasi awo akuda. Anakhala pa ndowa. Anati vuto limeneli si lachilendo. Ngakhale akuluakulu a kunja linawavutapo.

Anati kalekale, mpikisano wa magalimoto utangoyamba, malamulo anali ochepa. Wina ankabwera ndi injini yaikulu. Mnzake ankabwera ndi yaikulu kuposa pamenepo. Magalimoto aang'ono ankangodya fumbi.

Kenako anthu anatenga sikelo. Anayamba kuyeza kulemera kwa galimoto. Anayamba kuyeza kukula kwa injini. Anagawa magalimoto m'magulu.

"Aakulu ndi aakulu anzawo, aang'ono ndi aang'ono anzawo," anatero a Hussain. "Mpaka lero zili choncho, mwanangu."

Aliya anathamangira kwa Jonas. Anamupeza akupukuta chigalimoto chake. Anamupempha kuti nawonso agawe magulu.

Jonas sanadzutse n'komwe mutu.

"Malamulo ndi atatu, iwe," anatero. "Lamulo silibwera chifukwa munthu walira."

Aliya anabwerera pampopi. Anaima patsogolo pa khoma. Anawerenga lamulo loyamba. Anawerenga lachiwiri. Anawerenga lachitatu.

Kondie anachenjera, lamulo linabwera. Jonas anachenjera, lamulo linabwera. Alinane anavutitsa anzake, lamulo linabwera. Palibe amene anachita kupempha.

Aliya anaseka yekha. Amayi ena otunga madzi anamuyang'ana. Iye anabwerera kwa bambo ake.

"Ababa, mawa mundibwerekeko wilibala."

A Hussain anamuyang'ana. Anayang'ananso wilibala. Anangotenga mafuta n'kudontheza pa tayala.

Loweruka linafika. Ana anasonkhana pampopi. Jonas anabwera ndi chigalimoto. Kondie anabwera ndi chake, chachikulunso. Ena anabwera ndi timagalimoto tawo.

Aliya anabwera ndi wilibala.

Anali atamangirirapo chiwongolero cha waya. Anali atalembapo nambala ndi choko. M'kati mwake anavundikira chitenje.

Ana anaseka. Jonas anaseka kwambiri. Anati imeneyo si galimoto.

"Werenga pakhoma," anatero Aliya. "Ndaiika m'khwapa?"

"Ayi."

"Galu ukumuona?"

"Ayi."

"Ndatsalira katatu?"

Jonas anakanda mutu. Anawerenga khoma lonse. Anawerenganso kuchokera pansi. Za wilibala panalibe.

Ana anaima pamzere. Aliya anaima pakamwa pa kanjira. Alinane anaimba wenzulo.

Wilibala inalowa m'kanjira. Inadzaza kanjira konse. Kumanja kunali khoma. Kumanzere kunali ngalande. Podutsa panalibe.

Aliya sanathamange. Ankayenda pang'onopang'ono ngati mkwatibwi. Anaima n'kupereka moni kwa amayi ogulitsa tomato. Anawafunsanso za kunyumba.

Kumbuyo kwake magalimoto anandanda. Ana ankaimba mahutala ndi pakamwa. Pii, pii. Pii, pii. Wilibala sinamve.

Jonas analephera kupirira. Anayesa kudutsa kumanzere. Chigalimoto chinaterereka. Chinagwera m'ngalande. Tayala limodzi linapindika.

Aliya anafika pa mtengo wa mango woyamba. Ena onse anafika pambuyo pake. Jonas anafika womaliza. Chigalimoto chinkatsimphina. Matope ankadontha.

Jonas anali asanatsalirepo. Anakhala pansi. Sanayende ngati mwini minibasi. Maso ake anafiira.

Aliya anamumvera chisoni. Kutsalira amakudziwa. Anakhala pambali pake. Anagwira tayala lija n'kuliwongola. Anapukuta matope ndi masamba.

"Si bwino zimenezi," anatero Jonas motsitsa mawu. "Chinthu chachikulu chonchi chisamathamange ndi ife."

"Nanga chizithamanga ndi ndani?"

"Ndi zazikulu zinzake."

"Nanga tating'ono?"

Jonas anayang'ana chigalimoto chake. Anayang'ana Aliya. Kenako anayamba kuseka.

Aliya anavundukula chitenje chija. M'wilibala munali kagalimoto kake. Munalinso katoni ya nsapato. Munalinso kachidutswa ka makala.

Ana anabwerera pampopi. Anayamba kuyeza magalimoto. Yolowa m'katoni, gulu la Ka. Yokana kulowa, gulu la Chi.

Kagalimoto ka Aliya kanalowa. Gulu la Ka. Chigalimoto cha Jonas chinakana. Gulu la Chi. Cha Kondie chinakananso. Kondie anachikanikiza ndi bondo. Chinakanabe. Gulu la Chi.

Jonas anatenga makala. Analemba yekha pakhoma. Kagalimoto ndi kagalimoto. Chigalimoto ndi chigalimoto. Wilibala ayi. Pansi pake analemba dzina la Aliya.

Ana anagwirizana kuti za kutsalira ayambirenso kuwerenga. Palibe amene watsalirapo. Alinane anathamangira kwawo. Anabwera ndi kagalimoto kake kafumbi. Kanalowa m'katoni bwinobwino.

Nanga wenzulo aimbe ndani?

Nthawi yomweyo a Hussain anatulukira. Anabwera kudzatenga wilibala yawo. Ana anawapatsa wenzulo. A Hussain anaima chilili ngati wapolisi wa pamsewu. Anaimba mwamphamvu mpaka nkhuku zinathawa.

Gulu la Chi linathamanga. Jonas anapambana, koma movutikira. Kondie anali pambuyo pake penipeni.

Gulu la Ka linathamanga. Timagalimoto tonse tinkaima pa mwala. Tonse tinkagona pa dzenje. Palibe amene ankadya fumbi la mnzake.

Alinane anafika woyamba. Tsikuli analibe chimanga. Aliya anafika wachiwiri. Wachiwiri si wotsalira. Aliya anavina mozungulira mtengo wa mango.

Pobwerera, a Hussain anamukweza m'wilibala. Aliya anagwira chiwongolero cha waya. A Hussain ankalira ngati injini. Anthu a m'njira ankawapatukira.

Pakhomo anapeza amayi ataima. M'manja anali ndi nsapato zawo za ku ukwati.

"Aliya, katoni yanga ili kuti?"

"Yapeza ntchito, amayi. Ikuyeza magalimoto."

Amayi anayang'ana Aliya. Anayang'ana a Hussain. A Hussain anayang'ana kumwamba.

"Chabwino," anatero amayi. "Loweruka ndibwera ndidzaione ikugwira ntchito."

Nsapato zija anaziika pansi pa bedi, zopanda nyumba. Ndipo Loweruka amayi anabweradi. Anaima pampopi. Anawerenga lamulo lachinayi mokweza, mpaka dzina la pansi pake.